Kalongonda wa Achemwali Anga

Chaka cha 2024, mwezi wa Julaye, ndili ndi zaka 79, ndinaika m'manda achemwali anga a Esinala. Tinawagoneka kwathu kwa Kadewere, pambali pa mayi athu. Abusa analankhula nthawi yaitali. Anati malemuwa anali munthu wofatsa, wosayambana ndi anthu. Linali bodza, ndipo onse amene anali pamandapo ankadziwa. Tsopano chaka chakwana. Ndalemba izi kuti bodza lija lisatsale lokha.

Sindine wolemba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6 yakale. Koma zimene ndinaona ndinaziona.

A Esinala ankandiposa ndi zaka khumi, mwina khumi ndi chimodzi. Palibe analemba. Anandiberekapo kumbuyo, n'chifukwa chake pa dziko lonse lapansi anali okhawo ondiitana kuti "iwe". Ndinakhalapo kapitawo wa ntchito za msewu. Ndinakhalapo mkulu wa mpingo. Ndinakhala tcheyamani wa komiti ya sukulu zaka khumi ndi zinayi. Kwa iwo zonsezi zinalibe ntchito. Ndikafika pakhomo pawo nditavala jekete, moni wake unali wakuti, "Iwe Yohane, chotsa njingayo pamenepo. Nkhuku zidutsa pati?"

Anali aafupi, a miyendo yamatewe. Fodya wa m'mphuno sankachoka pa mfundo ya nsalu yawo. Mpingo unawaletsa fodyayo katatu. Iwo ankati Mulungu anawapatsa mphuno asanawapatse abusa. Amuna awo anamwalira kalekale ndipo sanafunenso ena. Ankati anatopa kuphikira munthu womangofunsa ngati zapsa. Nthano sankadziwa, kapena sankafuna. Ana akawazungulira ankawatuma madzi. Ntchito yawo inali imodzi, kalongonda.

Wosamudziwa kalongonda andimvere. Ndi nyemba yaikulu, yolimba, imene ife Alomwe timadzala m'mphepete mwa chimanga. Chaka cha njala ndiye amatsala m'munda zina zonse zitauma. Koma ali ndi poizoni. Ukamuphika ngati nyemba wamba amakuzunguza mutu, amakusanzitsa, amakuonetsa zinthu zimene palibe. Mwana kapena munthu wofooka akhoza osadzukanso. Kuti adyeke amamuwiritsa, n'kumusenda makoko, n'kumuwiritsanso. Madzi amada bii. Amawataya, n'kuthira ena, choncho kuyambira dzuwa likutuluka mpaka likulowa. Anthu ena amataya madzi kanayi. Achemwali ankataya kasanu ndi kamodzi, ndipo madzi aliwonse anali ndi dzina lake m'Chilomwe. Ine Chilomwe ndimamva chochepa. Maina aja sindinawasunge.

Mbewu yawo inali ya mawangamawanga, osati yakuda ija imapezeka m'misika. Anganga athu, mayi a mayi athu, anabwera nayo kuchokera ku Mozambiki ataimanga pa mfundo ya nsalu, pothawa Apwitikizi. Achemwali ankaisunga m'kamtsuko, yosakaniza ndi phulusa, pakamwa pake atamata ndi dothi. Kamtsukoko kankakhala kunsi kwa bedi.

Malamulo awo anali awiri. Loyamba, palibe munthu ankadya kalongonda wawo iwo asanadye. Akaphula mphika ankatapa dzanja limodzi n'kudya okha. Kenako ankakhala pamwala mpaka mthunzi wa mpapaya ufike pa mtondo. Ukafika, ankadzaza madzi m'mbale, n'kuyenda nayo pamwamba pa mzere wa kuseri kwa nyumba, kuchokera uku kukafika uko. Madzi akapanda kutayika, ndiye anthu adye. Ankachita zimenezi ngakhale pamaliro, anthu makumimakumi akudikira ndi njala. Adzukulu a kumanda anawadandaulirapo. Anawayankha kuti ngati ali ndi changu akumbiretu dzenje lachiwiri.

Lamulo lachiwiri, mbewu yosaphika sankapatsa munthu amene sanaphikepo nawo limodzi zaka zitatu. Wamalonda wina wa ku Limbe anabwera ndi galimoto kufuna thumba lathunthu. Anamuthamangitsa ndi mthiko. Mpongozi wawo weniweni anamumana. Ine ndinkati ndi nkhanza chabe. Sindinafunsepo chifukwa chake. Mwamuna sankafunsa za kumphika.

Lamulo lachiwirili ndinaliswa ndine.

Sukulu ya pulaimale ya m'dera mwathu inapeza ubale ndi sukulu ina ya ku Sikotilandi. Ndinene chilungamo, ubalewo unali wabwino. Ana ankalemberana makalata. Ankatumizirana zithunzi. Ana athu anadziwa kuti kuli dziko kumene amuna amavala siketi pa ukwati, ndipo anaseka sabata yathunthu. Ana a kumeneko anadziwa kuti kuno mwana amalima asanapite kusukulu. Cholinga, monga anatiuzira, chinali choti ana a uku ndi uku adziwe chikhalidwe cha anzawo, ndiponso asachite manyazi ndi chawo.

Mu 2018 kunabwera mphunzitsi wa kumeneko, Mayi Helena, wamtali, wofiira ndi dzuwa, wogwada popereka moni ngakhale pamene sipafunika. Anabwera ndi bokosi. Munali nsalu ya mabokosimabokosi, mabisiketi a mafuta, ubweya wa nkhosa, ndi nyimbo ya chitoliro chawo cholira ngati mbuzi yomangidwa. Anati ifenso tidzaze bokosilo ndi za makolo athu, abwerere nalo.

Komiti inakumana. Anthu anaika lichero, kamphasa, chitenje, kang'oma, galimoto ya mawaya. Ine ndinayang'ana n'kuchita manyazi. Ndinati izi zimapezeka m'boma lililonse, ngakhale pamsewu wa ku Zomba amagulitsa. Ife ndife Alomwe. Mlomwe amadziwika ndi kalongonda. Anthu anaombera m'manja.

Ndinadziwa kuti achemwali akana. Ndinadikira tsiku limene anapita kumaliro kwa Likoswe. Ndinalowa m'nyumba mwawo, ndinaswa dothi la pakamtsuko, ndinatapa manja atatu odzaza, n'kumatanso bwinobwino. Ahedi anathira mbewuyo m'jumbo n'kulembapo m'Chizungu kuti nyemba za makolo athu. M'chipinda cha komiti tinalimo anthu khumi ndi mmodzi, ndipo kupatula ahedi tonse tinali obadwira konkuno, tonse okula ndi kalongonda. Palibe mmodzi anaganiza zolemba kaphikidwe kake. Kwathu kuno mwana wa Sitandade 1 amadziwa. Sitinaganize kuti pansi pano pali munthu wosadziwa.

Panapita miyezi iwiri. Lachitatu lina masana komiti inakumananso, ndipo ahedi anatulutsa foni akumwetulira. Anali munthu wabwino, wa ku chigawo chapakati, wokonda ntchito yake. Anatiwerengera uthenga wa Mayi Helena. Lachisanu sabata yomweyo kusukulu kwawo kukhala tsiku la Malawi. Ana a zaka zisanu ndi ziwiri adzavala zitenje, adzaimba kang'oma kathu, ndipo nyemba zija zidzaphikidwa supu ya matimati, ana adzadye ndi makolo awo. Panali chithunzi. Tiana ta tsitsi loyera titazungulira tebulo, pakati pali mbale yagalasi, m'mbalemo muli kalongonda wa anganga athu. Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanali katanyamula njere imodzi m'mwamba.

Tinaombera m'manja. Ine ndinaombera koposa onse. Mpaka lero sindimvetsa. Mutu unali pa ulemu.

Ndinapalasa njinga kupita kwa achemwali. Ndinkafuna kuulula za kamtsuko, koma mwa njira yodzitama, kuti asapeze ponditukwanira. Ndinawapeza akusenda nandolo.

"Achemwali, dzina lanu lawoloka nyanja. Kalongonda wanu akukadyedwa ku Ulaya Lachisanu."

Sanadzutse mutu. "Ndinaona kuti dothi la pakamtsuko si langa. Ndimati ndi mpongozi wanga. Kani ndiwe."

"Ndine. Ndi za chitukuko."

"Wapita naye ndani?"

"Mayi Helena aja."

"Sindikunena wonyamula. Wophika."

Anafunsanso.

"Iwe Yohane. Madzi akataya kangati?"

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene ndinachita. Ndinagwira chishalo cha njinga.

"Akudyawo ndani?"

"Ana."

"Aakulu bwanji?"

Ndinasonyeza ndi dzanja, msinkhu wa m'chiuno. Achemwali anaika lichero pansi pang'onopang'ono, nandolo osataya ndi mmodzi yemwe. Zaka zonse zimene ndinawadziwa sindinawaonepo akuchita mantha. Njoka ankapha okha. Tsiku limenelo milomo yawo inatuwa. Anati, "Ndikweze."

Ndinawakweza pakaliyala mpaka kunyumba kwa ahedi. Tinawapeza pakhonde akuchonga makope. Ndinafotokoza. Ahedi anavula magalasi.

"Atcheya, musandiopseze. Azungu ali ndi makina. Chilichonse amayeza asanadye."

"Ayeza chiyani, inu munalemba kuti nyemba?" anatero achemwali.

"Anganga, mbaula zawo n'zamagetsi, zamphamvu. Zimapsetsa ngakhale fupa."

"Moto sutulutsa poizoni. Amatuluka ndi madzi. Lembani."

Ahedi anayang'ana ine, osati iwo. Anatsitsa mawu. "Atcheya, taganizani bwino. Ndilembe kuti chiyani? Kuti tinawatumizira poizoni? Ubale uthera pomwepo. Malata a Sitandade 3 anatilonjeza aja, iwalani. Ana aja akhala pansi pa mtengo mpaka liti? Nanga zikafika kwa akuluakulu a maphunziro? Nanga apolisi akafunsa kuti anabweretsa ndani?" Anaima kaye. "Komanso manja atatu okha, pa gulu lonse lija. Aliyense supuni imodzi. Sangavulale. Ndipatseni mpata ndiganize mpaka mawa."

Apa ndiyenera kulemba chimene sindinauzepo munthu. Ine tcheyamani, mkulu wa mpingo, nditamva mawu akuti apolisi ndinati, "Ahedi akunena zoona, achemwali. Tidikire mawa." Ndinaopa dzina langa pa wailesi. Ndinaopa unyolo pa msinkhu wanga. Kamtsikana kopanda mano kaja ndinakaika pambali.

Achemwali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Anakana njinga, anabwerera wapansi.

Lachinayi m'mawa ndinapita kusukulu. Ndisanafike ndinaona utsi. Achemwali anali atayala mafuwa atatu pabwalo, patsogolo penipeni pa ofesi, pafupi ndi mtengo wa mbendera. Nkhuni anasenza okha, munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu. Mphika unali ukuwira kuyambira m'bandakucha. Madzi sanataye ngakhale kamodzi. Makoko sanasende. Anathiramo matimati ndi mchere.

Belu la buleki litalira ana anatuluka n'kuima patali. Anaona msuzi wakuda uja. Palibe anayandikira. Mwana wina anakuwa kuti, "Anganga, sanapse ameneyo!" Ena anayamba kukuwa chimodzimodzi.

Ahedi anatuluka mu ofesi. "Anganga, n'chiyani ichi pasukulu?"

"Mwalemba?"

"Ndikuganizabe mawu abwino oyambira."

"Ganizani. Ine ndaphika monga aphikire iwo mawa. Inu mwati sangavulale." Anapakula m'mbale yachitsulo. "Kalongonda wanga sadyedwa ine ndisanadye. Kaya kwa Kadewere, kaya ku Ulaya. Ndimayamba ndine."

Ndinathamanga kuti ndilande mbale. Anandimenya ndi chipande pamfundo za zala, zolimba, monga ankachitira ndili mwana.

"Iwe, khala apo. Unanena dzulo kuti tidikire."

Anadya. Sanadye dzanja limodzi monga mwa masiku onse. Anamaliza mbale, n'kumwera msuzi. Kenako anakhala pansi, anatambasula miyendo, ananunkhiza fodya, n'kumayang'ana mthunzi wa mtengo wa mbendera. Aphunzitsi analowetsa ana m'makalasi, koma m'mawindo munali mitu yokhayokha.

Panjira yopita ku ofesi pali njerwa zopakidwa laimu zondandalikidwa mumzere. Patapita nthawi anadzuka, anadzaza madzi m'mbale, anayenda motsata njerwazo mpaka kumapeto. Madzi sanatayike. Ahedi anaseka kuseka kopanda mphamvu. "Mwaona, atcheya? Palibe kanthu."

"Nthawi sinakwane," anatero achemwali, n'kukhalanso.

Ulendo wachiwiri anayenda masitepe anayi. Mbale inayamba kugwedezeka. Anapita kumanzere ngati munthu wakokedwa ndi chingwe, n'kugwa chammbali panjerwa. Anasanza. Manja ndi khosi zinayamba kudzipotokola zokha. Maso anali otsegula koma sankationa. Ankalankhula Chilomwe chokhachokha, mofulumira, kwa munthu wina amene ankamuona pakati pa ine ndi mphika. Mawu amene ndinawamva bwino anali dzina. Petulo. Ankamuuza Petulo kuti alavule. Ankakwawa kuti amugwire, n'kumalowetsa chala m'kamwa mwa munthu woti palibe.

Ahedi foni inawagwa kawiri. Analemba ataimirira, thukuta likudontha pagalasi. Mawu abwino oyambira sanawafunenso. Analemba kuti musaphike, musadye, ndi poizoni, n'kujambula msuzi wakuda uja ndi achemwali ali pansi. Anaimba. Foni ya Mayi Helena inali yozimitsa. Anaimbanso. Chimodzimodzi. Nambala ina analibe.

Tinawatengera kuchipatala pa njinga yamoto, ine kumbuyo nditawakumbatira kuti asagwe. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi. Anawaika diripi. Namwino anandifunsa kuti munthu wamkulu chonchi wadya bwanji kalongonda wosapsa, kodi mutu unayamba kale kusokonekera? Ndinati ayi. Wosokonekera mutu ndi amene wawabweretsa.

Ndinakhala pabenchi ndi mantha awiri. Ena anali kuseri kwa chitseko, ena kutsidya kwa nyanja. Ahedi anabwera madzulo. Uthenga unali usanawerengedwe. Lachisanu m'mawa anabweranso, sukulu ataisiya m'manja mwa wachiwiri wawo, foni ataigwira ndi manja awiri. Unali usanawerengedwebe. Anandiuza kuti kumeneko nthawi ili m'mbuyo pang'ono, mwina sanadzuke. Tinkayang'ana wotchi ya pakhoma. Naini koloko. Teni. Ine ndinkawerenga m'mutu: tsopano akuyatsa mbaula, tsopano akudula matimati, tsopano tiana tija tikusamba m'manja. Ndinayesa kupemphera, mawu osatuluka. Ahedi anati, "Atcheya, akafa mwana mmodzi, ine ndinali ndi tsiku lathunthu." Ndinati, "Tinali nalo tonse."

Foni inalira itadutsa wani koloko. Ahedi anaiyang'ana osaiyankha. Ndinawagwedeza phewa, anayankha. Ndinamva mawu a mzimayi akulira ndi kulankhula nthawi imodzi. Chizungu chothamanga sindichimva. Ndinkangoyang'ana nkhope ya ahedi.

Zinali chonchi. Mayi Helena Lachinayi anali kumaliro a m'bale wawo, foni atazimitsa. Anaiyatsa Lachisanu akulowa pageti ya sukulu. Anathamangira kukhitchini. Mphika unali pamoto kale, matebulo atayalidwa, mbale zitaikidwa. Mayi wophika anali atalawako masupuni angapo kuti amve mchere, ndipo tsiku lonselo anasanza. Ana anali asanapatsidwe.

Ndinalowa m'chipinda. Achemwali anali atatsitsimuka, maso ali kudenga.

"Angati?" anafunsa.

"Palibe, achemwali. Ngakhale mmodzi."

Anatembenukira kukhoma. Ndinkaganiza kuti akulira, koma sindikudziwa, nkhope sindinaione. Kenako anati, "Iwe, mphika wanga wausiya ndi ndani?"

Za Petulo anandiuza kamodzi kokha, tikutuluka m'chipatala, tikudikira minibasi. Ndinkadziwa kuti panali mchimwene wathu wa pakati pa iwo ndi ine, amene anamwalira pa njala ya 1949. Ine ndinali ndi zaka zinayi. Ndinkati anafa ndi njala monga ena. Ayi. Mayi anapita kukafuna chakudya kutali, n'kuwasiyira achemwali mphika wa kalongonda ndi ana awiri. Achemwali anali atataya madzi kawiri. Nkhuni zinatha. Anandibereka ine kumbuyo n'kupita kukatola zina, Petulo atamuuza kuti asakhudze. Petulo anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo anali asanadye masiku awiri. Atabwerera anamupeza dzanja lili mumphika.

"Ndinatenga iwe chifukwa unali wopepuka," anatero. "Basi." Minibasi inafika. Nkhaniyo sanaibwerezenso mpaka imfa.

Kuyambira tsiku la kusukulu lija dzanja lawo lamanzere linkanjenjemera. Madokotala anati ndi ukalamba. Mwina. Ubale unakhala chete matemu awiri. Malata sanabwere chaka chimenecho, ndipo Sitandade 3 inanyowa ndi mvula pansi pa mtengo. Azimayi kuchitsime ankati a Esinala athamangitsa azungu. Iwo anawauza kuti mwana wonyowa amauma. Ine sananditukwane ngakhale kamodzi. Chikhala anatukwana, bwenzi zili bwino. Chimene anachita n'chakuti pogawa kalongonda anayamba kundipatsa pomalizira, ana onse atalandira, galu yekha atatsala. Anachita zimenezo zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinadandaule.

Chaka chotsatira Mayi Helena anabweranso. Sanayambire kusukulu. Anafika pakhomo pa achemwali m'mamawa ndi mtolo wa nkhuni umene anagula panjira, atausenza molakwika paphewa. Anagwada n'kunena m'Chinyanja chophunzira kuti abwera kudzaphika. Achemwali anawayang'ana, n'kuwaloza ndowa. Mzungu uja anatunga madzi kasanu ndi kamodzi. Anasenda makoko mpaka zala zinada. Utsi unamuliza. Chilichonse ankalemba m'kope. Achemwali ankamukalipira monga ankakalipirira aliyense. "Mwana iwe, madziwo sutaya pamenepo, mbuzi zimwa!" Dzuwa likulowa anaphula, anadya, anadikira, anayenda pamzere ndi mbale ya madzi m'dzanja lamanja lokha. Kenako anamupakulira mlendo. Anadya n'kupempha wina.

Potsanzikana Mayi Helena anapempha njere zisanu zokha, zoti akaike m'galasi lotsekedwa ana azingoona. Ndinamasulira. Achemwali anati, "Muuze waphika chaka chimodzi. Zatsala ziwiri."

Anabweranso kamodzi matenda a mliri aja atatha. Chachitatu sichinakwane.

Ubale ulipobe. Malata anabwera. Masiku ano chilichonse cholowa m'bokosi chimapita ndi pepala lofotokoza, ndipo pepalalo amawerenga pamaso pa komiti yonse. Mwezi watha ahedi atsopano anabwera kudzandipempha mbewu. Akufuna kuyamba munda wa mbewu za makolo kusukulu, anzathu a kutsidya ayambanso wawo. Ndinafunsa kuti wophika ndani. Anati tidzaona. Ndinakana. Mayi Helena atamva za maliro anatumiza masamba a m'kope lawo lija, atawajambula bwinobwino, kuti mwina atithandize. Zoti kaphikidwe ka anganga athu kabwere kwa ife kuchokera ku Sikotilandi! Pepalalo ndili nalo. Maina a madzi mulibe. Anati analephera kuwalemba.

Ana a achemwali ali ku Limbe ndi ku Joni. Adzukulu amati kalongonda amadya nkhuni, ndipo nkhuni kulibe. Mpongozi uja anaphika nawo chaka chimodzi n'kukangana. M'banja mwathu palibe anakwanitsa zaka zitatu. Ine ndinamudya zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, osakhalapo pamphika ngakhale tsiku limodzi.

Dzulo ndinapita pakhomo paja. Denga la khitchini lagwa mbali imodzi. Mafuwa atatu ali pomwepo, pakati pake pamera bonongwe. Mphika uli chozondoka pathandala, ndipo mavu amangamo. Kuseri, pamene ankataya madzi, nthaka idakali yakuda. Mpapaya unagwa ndi mphepo, choncho pa mtondo sipafikanso mthunzi. Mzere umene ankayendapo sunalimidwe. Pamwamba pake m'polimba ngati njira.

Kamtsuko kali kwa ine, kunsi kwa bedi langa. Ndinakatsegula n'kuwerenga. Njere zatsala makumi anayi ndi zitatu, ndipo zisanu anankafumbwe aboola. Mvula ikubwerayi ndikapanda kudzala, mbewu ya anganga ithera m'manja mwanga. Ndikadzala, idzabereka, ndipo tsiku lina mwana wanjala adzaipeza ine kulibe. Sindinaganize chochita. Ndikuopa zonse ziwiri.

Zimene zinapita ndi achemwali ndaziwerenga. Maina asanu ndi limodzi a madzi. Munthu mmodzi wokumbuka nkhope ya Petulo. Munthu mmodzi wondiitana kuti iwe. Ndi munthu mmodzi woyamba kudya.